Moyo wa Sir William Macewen, Sing'anga wa Ubongo wa ku Glasgow

Owerenga athu ambiri analimva kale dzina la mzinda wa Glasgow, m'dziko la Scotland, pakuti ndi komweko kumene David Livingstone anaphunzira zausing'anga, ndiponso Dr Robert Laws anaphunzirako asanabwere ku Cape Maclear mu 1875. Tsono m'masamba ano tifuna kusimba za sing'anga wina wa mzinda womwewo, dzina lake William Macewen. Iye sanaponde dziko lathu konse; koma ali mmodzi wa anthu oyamba amene analimba mtima kutsegula chigaza cha munthu wamoyo, nachotsamo nthenda, wodwalayo nadzuka wochira.

Kubadwa kwake

William Macewen anabadwa pa 22 Juni 1848 pa chisumbu cha Bute, kumadzulo kwa Scotland, ndipo anali chitsiriza m'banja la ana 12. Atate ake anali munthu wa pamadzi, ndipo nthawi ina anali kapitawo wa ngalawa yotchedwa Breadalbane, imene inkanyamula abusa a Free Church kunka nawo ku zisumbu zosowa abusa, Mpingo wa Scotland utagawika mu 1843. Ndiwo mpingo womwewo umene unatumiza a Misyoni ya Livingstonia ku nyanja yathu.

Mu 1865 mnyamatayo analowa m'Yunivesite ya Glasgow. Masiku amenewo zipatala zinali malo oopsa. Mankhwala ogonetsa tulo, otchedwa kolorofomu, anali atadziwika kuyambira 1847, kotero kuti munthu sankamva mpeni. Koma ambiri ong'ambidwa ankafa pambuyo pake, chifukwa mabala awo ankaola. Chaka chomwecho cha 1865 Joseph Lister, mphunzitsi wa opaleshoni ku Glasgow, anayamba kutsuka mabala ndi mankhwala a kaboliki, pozindikira kuti chooletsa bala ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Asing'anga akuluakulu ambiri anamseka. Koma Macewen, amene ankathandiza Lister kumanga mabala, anaona ndi maso ake kuti mabala alikupola, ndipo sanaiwale. Anatsiriza maphunziro ake mu 1869.

Sukulu ya ku polisi

Mu 1871 anaikidwa kukhala sing'anga wa anthu ovulala amene apolisi ankatola m'misewu ya pakati pa mzinda. Usiku ndi usiku ankabwera nawo anthu okomoka, ena oledzera, ena omenyedwa pamutu, ndi ena oledzera ndi kumenyedwa komwe. Apa panali mlandu wolemera, pakuti woledzera ukamgoneka adzadzuka m'mawa, koma munthu amene mwazi ulikukha m'kati mwa chigaza chake ukamgoneka adzapezeka atafa. Macewen anayang'anitsitsa maso a anthu otere, napeza kuti kamwana ka m'diso la woledzera kamakhala kakang'ono, koma ukamgwedeza munthuyo kamakula, ndipo ukamleka kamachepanso pang'onopang'ono. Umo ndimo anaphunzirira kuwerenga kunja kwa thupi zimene zilikuchitika m'kati mwa mutu. Mu 1875 analandiridwa pa chipatala chachikulu cha Glasgow Royal Infirmary.

Mmene ubongo ulili

Kuti timvetse ntchito yake, tiyambe taona kaye chiwalo chimene anachigwira. Ubongo wa munthu wamkulu ulemera magalamu ngati 1,400, ndipo uli wofewa kwambiri. Ukhala m'chigaza, wokutidwa ndi nembanemba zitatu. Yakunja ndiyo yolimba, yomamatira ku fupa, ndipo pakati pa ziwiri zam'kati pali madzi oyera amene ateteza ubongo pamene mutu wagunda kanthu. Gawo lalikulu la ubongo ligawika pawiri, mbali ya kumanja ndi mbali ya kumanzere. M'menemo ndimo muchokera kuganiza, kukumbuka, kulankhula, kuona, ndi kuyendetsa ziwalo. Kunkhongo kuli kaubongo kakang'ono, kamene kathandiza munthu kuyenda osadzandira. Pansi pali phata la ubongo, limene liyang'anira kupuma ndi kugunda kwa mtima, ndipo lipitirira kutsika m'kati mwa mafupa a msana. Kuchokera m'menemo mitsempha ifalikira m'thupi lonse.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kuzisunga. Choyamba, mitsempha yambiri idutsana pa phata paja, kotero kuti mbali ya kumanzere ya ubongo ilamulira mbali ya kumanja ya thupi, ndipo ya kumanja ilamulira ya kumanzere. Chachiwiri, chigaza cha munthu wamkulu sichifutukuka. Chithupsa chikatuluka pa mwendo chili ndi malo otupira. Koma mafinya, mwazi, kapena chotupa zikachuluka m'mutu, zipanikiza ubongo, ndipo zikafinya phata lija munthu aleka kupuma.

Kale asing'anga ambiri ankayesa kuti ubongo wonse ugwira ntchito pamodzi, wopanda magawo. Koma mu 1861 Paul Broca wa ku Paris anaonetsa kuti anthu ena osiya kulankhula anaonongeka malo amodzi, chakutsogolo kwa mbali ya kumanzere. Ku London John Hughlings Jackson anapenyetsetsa odwala khunyu, naona kuti kunjenjemera kumene kuyambira pa chala kapena pa mlomo kuchokera pa malo ake ake a ubongo. Ndipo David Ferrier anatsimikiza zimenezi poyesa nyama. Onsewa anajambula njira. Chotsala chinali munthu woti ayendemo ndi mpeni.

Mnyamata amene anafa

Mu 1876 anabwera naye kwa Macewen mnyamata wa zaka 11 amene anagwa natemeka pamphumi, mbali ya kumanzere. Patapita masabata owerengeka mwanayo anamva kuzizidwa kwakukulu, nagwidwa ndi kunjenjemera mbali ya kumanja, nasowa mawu kwa kanthawi. Macewen anasonkhanitsa zizindikiro izi, nazindikira kuti m'ubongo muli mafinya, pafupi ndi malo aja a kulankhula. Anapempha makolo kuti amlole aboole chigaza ndi kutulutsa mafinyawo, koma iwo anakana. Sitingawaweruze, pakuti masiku amenewo mutu wotsegulidwa unkayesedwa imfa. Posachedwa mwanayo anamwalira.

Pamenepo makolowo anavomera kuti sing'anga achite pa mtembo chimene anafuna kuchita mwana ali moyo. Macewen anaboola pamalo pomwe anatchula kale, napeza chithupsa cha mafinya, kukula kwake ngati dzira la nkhunda. Chinali chisoni chachikulu, pakuti chinali pamalo pofikika. Koma kuyambira tsiku limenelo iye anadziwa kuti zizindikiro za thupi sizinama.

Mtsikana amene anachira

Mu 1879 mtsikana wa zaka 14 anagonekedwa m'chipatala, ali ndi chotupa pamwamba pa diso la kumanzere. Ali m'chipatalamo anayamba kugwidwa ndi kunjenjemera kumaso ndi mkono wa kumanja, ndipo kunakulirakulira mpaka moyo wake unali pangozi. Macewen anamgonetsa tulo, natsuka zonse monga anaphunzira kwa Lister, naboola chigaza chakumphumi kumanzere, napeza chotupa chomera pa nembanemba yolimba ija, chilikutsamira ubongo, ndipo anachichotsa. Mtsikanayo anachira, nakhala ndi moyo zaka zina 8, mpaka anafa ndi nthenda ya impso. Ndipo poyang'ana m'mutu mwake sanapezemo chotupa. Ambiri aiwerengera opaleshoni imeneyi kukhala yoyamba ya mtundu wake imene wodwala anapulumuka.

Mu 1888, pa msonkhano waukulu wa asing'anga a ku Britain umene unachitikira ku Glasgow, Macewen anafotokoza za odwala 21 amene anawachita opaleshoni ya ubongo. 18 anachira, ndipo 3 anafa. Mu 1893 anasindikiza buku lake lalikulu la nthenda za mafinya za ubongo ndi msana. M'menemo anawerengera anthu 19 amene anawatulutsa mafinya m'ubongo, ndipo mwa iwo mmodzi yekha ndiye anafa. Tikumbukire kuti makina a X-ray anatulukiridwa mu 1895, penisilini anafala m'zaka za m'ma 1940, ndipo makina ojambula ubongo, otchedwa CT, anayamba ntchito mu 1971. Macewen analibe zonsezi. Anali ndi maso, makutu, zala, ndi kufatsa.

M'buku lomwelo anaonetsa kuti mafinya ambiri a m'ubongo ayambira m'khutu. Khutu likakhalitsa lilikutuluka mafinya, nthenda idya fupa la kuseri kwake, nibooleza kufikira ku nembanemba ndi ubongo womwe. Iye anaphunzitsa malo enieni pamene sing'anga ayenera kuboola fupa limenelo, ndipo kufikira lero malowo atchedwa ndi dzina lake. Anaonanso kuti ukagogoda chigaza cha mwana amene madzi achuluka m'mutu mwake, chilira ngati mphika wosweka. Chizindikiro ichinso chitchedwa cha Macewen.

Ukhondo ndi anamwino

Lister anaphunzitsa kupha tizilombo tili pabala. Macewen anapitirira nafuna kuti tisafikepo n'komwe. Anataya zipangizo za zigwiriro za mtengo ndi za fupa, mmene litsiro libisala, nasulitsa zachitsulo chokhachokha, zoti ziwiritsidwe m'madzi. Manja ankasambitsidwa kolimba, ndipo ankavala mwinjiro woyera wochapidwa, pamene asing'anga akale ankanyadira majasi akuda ouma ndi mwazi.

Anadziwanso kuti mpeni wa sing'anga ndi ntchito ya ola limodzi, koma wodwala achira ndi manja a anamwino amene amyang'anira usana ndi usiku. Chifukwa chake anaphunzitsa anamwino ake yekha, nathandiza Mayi Rebecca Strong, mkulu wa anamwino pa Royal Infirmary, kuyambitsa sukulu yawo mu 1893. Pamene a chipatala chatsopano cha Johns Hopkins ku America anamuitana kuti akakhale mkulu wa opaleshoni, iye anakana, popeza sanalole kumpatsa ulamuliro pa kaphunzitsidwe ka anamwino.

Ntchito zake zina

Sanagwire ubongo wokha ayi. Ana ambiri a amphawi a ku Glasgow anali ndi miyendo yopindika, chifukwa cha kusowa dzuwa ndi chakudya choyenera. Iye anapeza njira yodula fupa ndi kuliwongola, ndipo pofika 1884 anali atawongola miyendo 1,800. Mu 1878 analowetsa kapaipi m'kholingo kudzera pakamwa, kuti wogonetsedwa tulo apume bwino, monga achitira m'zipatala mpaka lero. Mu 1895 anachotsa papu loonongeka ndi chifuwa chachikulu, ndipo mwini wake anakhala ndi moyo zaka zambiri.

Mu 1892 anakhala pa mpando wa mphunzitsi wamkulu wa opaleshoni m'Yunivesite ya Glasgow, umene unali wa Lister kale, ndipo mu 1902 Mfumu inampatsa ulemu wa Sir. Pa nkhondo yaikulu, mu 1916, ali wa zaka 68, anathandiza kutsegula chipatala ku Erskine cha asilikali oduka manja ndi miyendo, naitana amisiri okhoma zombo a pa mtsinje wa Clyde kuti aseme miyendo yoikirira. Anali munthu wamtali, wa mawu ochepa, wosapindika msanga, ndipo anzake ena anamuyesa wouma mtima. Koma odwala ake anamkhulupirira. Anamwalira ku Glasgow pa 22 Malichi 1924.

Chimene tiphunzirapo

Abale, ana awiri aja anakomana ndi sing'anga mmodzi, wa nzeru zomwezo ndi manja omwewo. Wina anafa, wina anachira, ndipo kusiyana kwake kunali pa kuvomera nthawi ikadalipo. Inu aphunzitsi ndi akatekisiti, amene anthu a m'midzi ayamba kufunsa inu nthenda ikalowa m'nyumba, sungani izi. Khutu lotuluka mafinya si nthenda yaing'ono yakuti mwana adzakula nayo. Apite nalo ku chipatala. Munthu wogunda mutu, ngakhale adzuke ndi kuyenda, akayamba kusanza, kusinza, kapena kusokoneza mawu, musamgoneke kuti muone m'mawa. Kutentha thupi pamodzi ndi kuuma khosi, kapena kufa mkono ndi mwendo mbali imodzi, kapena kupotoka pakamwa modzidzimutsa, zonsezi zifuna ulendo tsiku lomwelo. Mwana wakhanda amene mutu wake ukula mofulumira athandizidwa akafika msanga.

Ndipo khunyu ndi nthenda ya ubongo, monga chifuwa chili nthenda ya mapapu. Sipatsirana pokhudza wodwala kapena malovu ake. Akagwa, mchotseni pafupi ndi moto ndi madzi, musaike kanthu m'kamwa mwake, ndipo kunjenjemera kukatha mgonekeni chammbali. Ambiri a iwo akamamwa mankhwala mokhulupirika aleka kugwa, nalima, naphunzira, namanga mabanja monga anzawo.

Nthenda za m'mutu zili zobisika, koma thupi lizilengeza kwa iye amene apenyetsetsa. Ichi ndicho William Macewen anachiphunzira m'chipinda cha apolisi ndi pa mtembo wa mnyamata uja, nachiphunzitsa ena masiku onse a moyo wake.