Jan van Eyck ndi Chithunzi cha Kamwana ka Nkhosa

Jan van Eyck anabadwa cha m'ma 1390 m'dera lomwe lero ndi dziko la Belgium. Mbiri yake imayamba kuoneka bwino mu 1422, pamene ankajambulira mfumu ya Holland ku The Hague. Mfumuyo itamwalira mu 1425, iye analowa ntchito kwa Philip, wolamulira wa Burgundy, amene anamukonda kwambiri. Ankamutuma ngakhale maulendo achinsinsi, ndipo mu 1428 anamutumiza ku Portugal kukajambula nkhope ya Isabella, mwana wa mfumu, kuti Philip aone kaye mkazi amene ankafuna kukwatira.

Komabe dzina lake silinamveke chifukwa cha nyumba za mafumu. Linamveka chifukwa cha guwa la nsembe la mumzinda wa Ghent. Kumeneko kunali munthu wolemera, Joos Vijd, ndi mkazi wake Elisabeth Borluut. Awiriwa analibe mwana wowasiyira chuma kapena wowakumbukira, choncho anakonza kachipinda kopemphereramo m'tchalitchi cha Yohane Woyera, lero katedralo ya St Bavo, nasiya ndalama zoti pazichitika Misa tsiku ndi tsiku. Pamwamba pa guwalo anafuna chithunzi. Anayamba ntchitoyo ndi Hubert, mkulu wake wa Jan, koma anamwalira mu 1426 isanathe. Jan anaitsiriza mu 1432.

Chithunzicho n'chamatabwa olumikizidwa ngati zitseko, chotalika mamita oposa 3. Masiku wamba chinkatsekedwa, ndipo anthu ankaona mngelo Gabriele akulonjera Maria, pansi pake Vijd ndi mkazi wake atagwada. Pa zikondwerero ankachitsekula. Pakati pamaoneka Kamwana ka Nkhosa kataimirira paguwa, magazi ake akutsikira m'chikho, ndipo makamu a aneneri, atumwi, amaritiri ndi anthu wamba akubwera kuchokera mbali zonse. Ndi chimodzimodzi chimene akhristu amaimba asanalandire Ukaristia. Wansembe akakweza chikho pa guwalo, kumbuyo kwake kunali chikho chinanso chojambulidwa.

Van Eyck anakhazikika ku Bruges, nakwatira mayi Margareta, ndipo Philip anakhala nkhoswe ya ubatizo ya mwana wawo mu 1434. Anamwalira mu Julaye 1441 ndipo anaikidwa ku tchalitchi cha St Donatian. Tchalitchicho anachigwetsa m'nthawi ya ulamuliro wa Afalansa, manda ake n'kutayika nacho.

Chithunzi cha ku Ghent chinatsala, koma mtendere sichinaupeze. Mu 1566 magulu ophwanya zithunzi m'matchalitchi atafika mumzindamo, anthu anachiphwasula n'kuchibisa m'nsanja. Mu 1794 asilikali a France anatenga matabwa apakati kupita nawo ku Paris, ndipo anabwezedwa Napoleon atagonja.

Chomvetsa manyazi ndi chakuti bala lotsatira silinachokere kwa adani. Mu 1816 akuluakulu a tchalitchi eniake anagulitsa zitseko zisanu ndi chimodzi kwa wamalonda wina wa ku Brussels. Iyeyu anazigulitsa kwa Mngelezi Edward Solly, ndipo mu 1821 zinagulidwa ndi mfumu ya Prussia. Ku Berlin anazicheka pakati ndi macheka mu 1894 kuti mbali zonse ziwiri zipachikike pakhoma. Zinali zogulidwa mwalamulo, komabe nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, pangano la Versailles linalamula Germany kuti izipereke ku Belgium ngati chipepeso. Mu 1920 chithunzicho chinakhalanso chathunthu.

Chinakhala choncho zaka 14 zokha. Usiku wina mu Epulo 1934 wakuba anachotsa matabwa awiri: la Yohane Mbatizi ndi la Oweruza Olungama. Episkopi wa Ghent anayamba kulandira makalata ofuna ndalama zokwana 1 miliyoni ya mafranki. Pofuna kusonyeza kuti sakuseka, wakubayo anasiya Yohane Mbatizi mosungira katundu pa siteshoni ya sitima ku Brussels. Mu Novembala chaka chomwecho munthu wina wamalonda, Arsène Goedertier, ali pafupi kutsirizika, anaulula kuti akudziwa komwe kunali thabwa linalo, koma anamwalira asanalongosole.

Kenaka kunabwera Hitler. Mu 1940 Abelgium anatumiza chithunzicho ku Pau, kumwera kwa France, kuti chitetezeke, koma mu 1942 Ajeremani anakachilanda. Anachisunga m'nyumba yachifumu ya Neuschwanstein, pambuyo pake m'mgodi wa mchere ku Altaussee, ku Austria. Wolamulira wa chigawocho analowetsa mabomba mumgodimo kuti zonse ziwonongeke, koma anthu ogwira ntchito mumgodiwo anawatulutsa. Asilikali a America anachipeza mu Meyi 1945 n'kuchibwezera kwawo.

Kuyambira mu 2012 akatswiri akhala akuchitsuka, kuchotsa utoto umene ena anapakapo m'zaka za m'ma 1500. Pansi pake anapeza nkhope ya Kamwana ka Nkhosa monga mmene abale awiriwo anaijambulira, maso ake akuyang'ana molunjika kwa munthu woima patsogolo. Lero chili m'katedralo ya St Bavo momwemo, m'kabati yagalasi yolimba. Pansi kumanzere pali chofanizira chimene Jef Van der Veken anajambula m'malo mwa Oweruza Olungama, amene mpaka pano sanapezeke.