Karl Landsteiner ndi Magulu a Magazi

Dzina la Karl Landsteiner ndidalidziwa mochedwa, mayi anga atathiridwa kale magazi pobereka mng'ono wanga. Iwo adachira, koma ine ndidatsala ndi funso: kodi madokotala adadziwa bwanji magazi owayenera?

Landsteiner adabadwa m'chaka cha 1868 ku Austria ndipo adaphunzira udokotala ku Vienna. Masiku amenewo kuthira munthu magazi kudali ngati juga. Ena ankachira, ena ankafa, chifukwa chake osadziwika. Mu 1900 iye adaona kuti magazi a anthu awiri akasakanizidwa, nthawi zina amaundana timibulu. Chondidabwitsa n'chakuti mfundo yaikulu chotere adangoitchula m'mawu a m'munsi mwa pepala lokamba zina. Chaka chotsatira adasakaniza magazi ake ndi a anzake a kuntchito, napeza magulu atatu amene lero timawatcha A, B ndi O. Gulu la AB lidapezedwa ndi anzake awiri mu 1902.

Pepala la 1901 lidali lalifupi, ndipo madokotala sadalilabadire msanga. Padapita zaka 6 kuti Reuben Ottenberg wa ku New York ayambe kuyeza magazi asanathire wodwala. Tikadamuyesa Landsteiner powerenga anthu amene ankatchula ntchito yake m'zaka zimenezo, bwenzi titamupeputsa.

Adalemba mapepala oposa 300, nalandira mphoto ya Nobel mu 1930. Mu 1940, atasamukira ku New York, iye ndi Alexander Wiener adalengeza za chizindikiro china cha m'magazi chotchedwa Rh. Adamwalira mu 1943, matenda a mtima atamugwira ali pantchito m'labotale.