John Moir, Mandala amene anatembenuza njira ya malonda

M'mawa uliwonse ku Chirimba ndi ku Limbe malole amapakira malata, misomali, makasu, zikwanje, mipeni ndi mapoto, n'kuyamba ulendo wa ku Mangochi, Monkey Bay ndi Makanjira. Mwini sitolo wa kunyanja akafuna kupikula katundu amayang'ana ku Blantyre, ndipo palibe amene amadabwa nazo. Komatu zaka 150 zapitazo mtsinje wa malonda unkayenda mobwerera. Nsalu, mikanda, waya wa mkuwa, mfuti ndi onga zinkachokera ku Kilwa ndi madoko ena a kugombe la Indian Ocean, n'kufikira kwa Makanjira, kwa Mponda ndi kwa Jumbe ku Nkhotakota, ndipo anthu a kumtunda ndiwo ankadikira kwa a kunyanja. Mwa anthu amene anatembenuza njira imeneyi, woyamba kutchulidwa ndi John William Moir, amene makolo athu anamutcha Mandala.

Moir anabadwa mu 1851 mumzinda wa Edinburgh ku Scotland, ndipo bambo ake anali dokotala. Mu 1877 iye ndi mng'ono wake Frederick anapita kum'mawa kwa Africa kukagwira ntchito yolambula msewu wochokera ku Dar es Salaam, koma sanakhalitseko. Mu 1878 amalonda olemera a ku Glasgow, monga James Stevenson, anakhazikitsa kampani ya Livingstonia Central Africa Company, imene pambuyo pake inadziwika kuti African Lakes Company, ndipo anaika abale awiriwa kukhala oyang'anira ake. Zolinga zinali ziwiri: kutengera amishoni a ku Blantyre ndi Livingstonia katundu wawo, ndi kubweretsa malonda amene akanafooketsa malonda a akapolo. Eni ake anatsimikizanso kuti sadzagulitsa mowa kwa anthu akuda.

Dzina la Mandala linachokera ku magalasi a m'maso amene John ankavala, omwe ankanyezimira dzuwa likawomba. Linayamba ngati dzina la munthu, kenaka linagwira nyumba yake, sitolo zake, kampani yonse, mpaka dera la mumzinda wa Blantyre limene likutchedwabe choncho. Nyumba ya Mandala, imene inamangidwa mu 1882, ikadalipo, ndipo muli laibulale ya bungwe la Society of Malawi.

Kuti mpeni umodzi ufike m'manja mwa msodzi wa ku Nkhata Bay, unkayenda ulendo wotopetsa. Masiku amenewo mipeni, malumo ndi masupuni a ku Britain ankasulidwa makamaka ku Sheffield, zitsulo zina ku Birmingham, pamene nsalu inkawombedwa ku Manchester. Sitima ikatsitsa mabokosi ku Quelimane, ankakwera mabwato mumtsinje wa Kwakwa, n'kunyamulidwa pamtunda mpaka ku Zambezi. Kumeneko kasitima ka kampaniyo, Lady Nyassa, kankawatenga kukwera Shire mpaka kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa. Apa mathithi ankatseka njira, choncho bokosi lililonse linkasenzedwa pamutu kukwera zitunda mpaka ku Mandala, n'kutsikiranso ku Matope, kumene linkakwera sitima ya Ilala yopita kunyanja. Blantyre anakula chifukwa cha mathithi amenewa: katundu yense ankayenera kutulidwa pamenepo, kuwerengedwa, kusungidwa ndi kumangidwanso m'mitolo ya makilogalamu pafupifupi 25, yoti munthu mmodzi asenze.

Osenzawo ndiwo amtengatenga, ndipo mabuku akale a Azungu amawatchula mwa chiwerengero chabe. Anali Ayao, Amang'anja, Angoni ndi Atonga ambiri ochokera kunyanja. Ndalama zachitsulo zinali zisanafale, motero malipiro awo anali mikwamba ya nsalu yochokera m'sitolo yomweyo imene ankaisenzera katundu. Munthu ankasenza nsalu kuti alandire nsalu.

Vuto la Moir linali loti sitima yobweretsa mipeni ndi makasu iyenera kubwerera ndi kanthu. Khofi anali asanayambe kubereka mokwanira, tiyi ndi fodya wogulitsa kunja kunalibe. Chinthu chokha chimene chikanalipira ulendo wautali chonchi chinali minyanga ya njovu. Abale awiriwa ankasaka okha njovu, koma minyanga yambiri inali m'manja mwa amalonda Achiswahili ndi mafumu Achiyao, anthu omwewo amene kampaniyo inabwera kudzawalanda msika. Tisabise mawu pano: amalonda amenewa, ena mwa iwo Asilamu, ankagulitsa anthu pamodzi ndi minyanga, ndipo midzi yambiri inasanduka mabwinja chifukwa cha iwo. Koma tisabisenso kuti sitolo imene Monteith Fotheringham anatsegulira kampaniyo ku Karonga mu 1884 inkagula minyanga kwa Mlozi ndi anzake, ndipo malondawo ndi amene anawakokera kuti akhazikike pakati pa Ankhonde.

Ubwenzi wa pamsika umenewu unatha mu 1887. Mlozi atayamba kuthira nkhondo Ankhonde, a kampani analowererapo, ndipo sitolo ya ku Karonga inazingidwa mu Novembala chaka chimenecho. Oyang'anira sitolo anasanduka atsogoleri a nkhondo. John ndi Frederick onse anavulazidwa ndi zipolopolo, chimodzimodzi Frederick Lugard, msilikali amene anabwera kudzawathandiza mu 1888. Nkhondoyo inadya chuma cha kampani popanda wopambana, mpaka Harry Johnston anagwirizanitsa mbali ziwirizo mu 1889, atayamba wapangana ndi Jumbe wa ku Nkhotakota. Mlozi anadzagonjetsedwa ndi kunyongedwa mu Disembala 1895, Moir atachoka kale m'kampani.

Pali chinthu china chimene Moir anachita chomwe sichiyenera kuiwalika. Mu 1885 anayenda kwa mafumu a m'chigwa cha Shire ndi a m'mbali mwa nyanja, n'kuwadinditsa mapangano olembedwa m'Chingerezi oika maiko awo pansi pa chitetezo cha kampani. N'zokayikitsa ngati mfumu yolandira nsalu ndi mipeni ngati mphatso inkamva kuti ikupereka dziko. Boma la Britain silinapatse kampaniyo mphamvu zolamulira, koma mapepala otere anathandiza Britain pokangana ndi Apwitikizi, ndipo mu 1891 dziko lino linalowa mu ulamuliro wa atsamunda. Kumpoto kampaniyo inadzitengera malo oposa maekala 2 miliyoni, amene pambuyo pake anagwera m'manja mwa British South Africa Company ya Cecil Rhodes.

Monga woyendetsa bizinesi, Moir sankatamandidwa kwenikweni. Amishoni ankadandaula kuti katundu wawo amachedwa ndi kuwonongeka panjira, ndipo eni kampani ku Glasgow ankaona phindu lochepa. Cha m'ma 1890 anasiya udindo wake, kenaka anakakhala mlimi pa esiteti ya Lauderdale ku Mulanje, kumodzi mwa malo kumene tiyi anayambira kulimidwa m'dziko muno.

Njira imene anatsegula sinatsekekenso. Doko la Chinde litadziwika mu 1889, sitima za panyanja yamchere zinayamba kutulira katundu pakamwa penipeni pa Zambezi. Asilikali a Johnston atagonjetsa Makanjira ndi mafumu ena Achiyao, maulendo a ku Kilwa anazilala, ndipo ana a anthu amene kale ankatsogolera maulendo a malonda anayamba kulembedwa ntchito ngati amtengatenga, asilikali, ophika ndi atelala. Johnston analimbikitsanso Amwenye kuti abwere kudzachita malonda. Ambiri mwa iwo anali Asilamu ochokera ku Gujarat, ndipo anatsegula timasitolo mpaka kumidzi, kupikisana ndi Mandala pogulitsa singano imodzi, mpeni umodzi, mkono umodzi wa nsalu. Njanji itafika ku Limbe ndi Blantyre mu 1908, mitolo ya pamutu yochokera kwa Katunga inatha, ndipo Limbe anakula kukhala tauni ya opikulitsa.

Amene anataya kwambiri mwakachetechete anali amisiri osula. David Livingstone atadutsa kumapiri a Shire mu 1859 anapeza ng'anjo m'midzi ya Amang'anja, kumene ankasungunula chitsulo ndi kusula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mipeni yawoyawo. Khasu la m'sitolo linali lotsika mtengo ndiponso lopezeka nthawi iliyonse, ndipo m'mibadwo iwiri yokha ng'anjo zinazima. Mlimi anapepukidwa, palibe angatsutse, koma luso lotulutsa chitsulo m'mwala linapita ndi eni ake. Osula a lero amadalira zitsulo zotha za magalimoto.

Moir anabwerera kwawo ku Edinburgh cha m'ma 1900 ndipo anakhala zaka zina 40. Nthawi yake yambiri inathera pa njuchi: ankaziweta, n'kumasonkhanitsa mabuku onena za ulimi wa njuchi, amene anawapereka ku bungwe la Scottish Beekeepers' Association. Mabukuwo akusungidwabe m'dzina lake, Moir Library. Mng'ono wake Frederick, amene analemba buku la After Livingstone lofotokoza zaka zawo za kuno, anamwalira mu 1939, ndipo John anamutsatira mu 1940 ali ndi zaka 89.