Mbiri ya mwezi uno: Oscar Hammerstein II, mlembi amene anaphunzitsa mwana wa kwa neba

Pa gawo lathu la mbiri mwezi uno tatenga munthu wa ku America amene anamwalira mu 1960, Oscar Hammerstein II. Dzinali mwina ndi lachilendo kwa ambiri, koma ntchito yake munaimvapo ndithu. Masapota a Liverpool, nyimbo yanu ija imagwedeza Anfield mpira usanayambe, You'll Never Walk Alone, poyamba sinali ya mpira ayi. Mawu ake analemba ndi bambo ameneyu mu 1945, m'sewero lotchedwa Carousel, ndipo ku Anfield inafika gulu la Gerry and the Pacemakers litaijambulanso mu 1963. Amene munaonerapo filimu ya The Sound of Music, mawu a nyimbo pafupifupi zonse za m'menemo ndi akenso.

Koma ife tamusankha pa chifukwa china. Hammerstein anali katswiri wa masewero a nyimbo, aja amaphatikiza zisudzo, kuyimba ndi kuvina, ndipo mmene anaphunzitsira mnyamata wina wa sekondale pali phunziro kwa aliyense wa ife amene amalemba kapena kukwera pasiteji.

Anabadwa pa 12 Julayi 1895 ku New York, m'banja loti zisudzo zinali m'magazi. Agogo ake aamuna, amenenso anali Oscar Hammerstein, anachokera ku Germany, anapeza ndalama pa bizinesi ya fodya, n'kumazithira pomanga nyumba za zisudzo ndi za opera. Bambo ake, William, ankayendetsa Victoria Theatre. Amalume ake a kuchimuna, Arthur, ankakonza masewero ku Broadway, dera la New York kumene kuli nyumba zikuluzikulu za zisudzo. Bamboyo anali ataona mmene ntchitoyi imadyera ndalama za anthu, ndiye sankafuna m'pang'ono pomwe kuti mwana wake ailowe. Ankafuna loya. Oscar anataya mayi ake ali ndi zaka 15, ndipo bambo ake anamwalira mu 1914.

Anamvera ndithu. Analowa Columbia University mu 1912, kenako n'kuyamba zamalamulo. Koma ku yunivesiteko kunali sewero la pachaka la ophunzira lotchedwa Varsity Show, ndipo iye analowamo, kulemba ndi kusewera komwe. Mu 1917 anasiya zamalamulo n'kukapempha ntchito kwa Arthur. Dzina la banja silinamupatse mpando wofewa. Anayamba ngati wothandizira woyang'anira siteji, kuona kuti katundu ali pamalo pake ndi kuti aliyense walowa pa nthawi yake. Sewero lake loyamba, The Light, la mu 1919, linatsekedwa litangoonetsedwa kanayi, lisanafike n'komwe ku Broadway.

Amene anamuwongola anali mlembi wamkulu kwa iye, Otto Harbach. Nthawi imeneyo masewero a nyimbo ambiri anali ongosangalatsa basi: kankhani kopepuka, atsikana ovina ambirimbiri, ndipo nyimbo inkangolowetsedwa paliponse ngakhale isakugwirizana ndi nkhani. Harbach anamuphunzitsa kuti nyimbo iyenera kutuluka m'nkhani ndi m'khalidwe la munthu amene akuyimbayo. Awiriwa analemba limodzi Rose-Marie mu 1924 ndi The Desert Song mu 1926, ndipo onse anayenda malonda.

Pa 27 Disembala 1927 kunatsegulidwa Show Boat, imene analemba ndi wopeka nyimbo Jerome Kern kuchokera m'buku la Edna Ferber. Anthu anapita akuyembekeza nthabwala, koma anakapeza nkhani ya banja losokonekera ndi njuga, ya anthu akuda onyamula katundu m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, ndi ya mayi wina amene anachotsedwa ntchito zitadziwika kuti ali ndi magazi a munthu wakuda koma anakwatiwa ndi mzungu, zomwe malamulo a kumeneko ankaletsa. Muli nyimbo ya Ol' Man River imene Paul Robeson anaitchukitsa ku London mu 1928 ndi mu filimu ya 1936. Masiku ano alipo amene amadandaula ndi mmene seweroli limaonetsera anthu akuda, ndipo mfundo zawo n'zomveka. Komabe mu 1927 kuika nkhani ya tsankho pa siteji ya Broadway kunali kulimba mtima.

Kenako zinthu zinavuta. Kuchokera pa Music in the Air ya mu 1932, anatha zaka pafupifupi 10 osalemba sewero latsopano logwira mtima anthu. Anapita ku Hollywood, sizinamuyendere kwenikweni. Very Warm for May ya mu 1939 inaonetsedwa ka 59 kokha. Anthu a m'tauni anayamba kunong'onezana kuti mkuluyu watha. Anagula famu yotchedwa Highland Farm ku Doylestown m'boma la Pennsylvania, n'kumakhala kumeneko ndi mkazi wake Dorothy.

Apa m'pamene anabwera Richard Rodgers, wopeka nyimbo amene anadziwana naye kalekale ku Columbia. Mnzake wa Rodgers wolemba mawu, Lorenz Hart, anali atafooka ndi mowa ndipo anakana ntchito yatsopano imene inalipo. Hammerstein anavomera, koma anasintha kagwiridwe. Kale wopeka ankayamba ndi nyimbo, wolemba n'kumakakamiza mawu kuti alowemo. Tsopano iye ankayamba kulemba mawu, Rodgers n'kuwaveka nyimbo pambuyo. Ankalemba ataimirira pa desiki yaitali, ndipo nyimbo imodzi inkatha kumutengera masabata.

Zotsatira zake zinali Oklahoma!, imene inatsegulidwa pa 31 Malichi 1943. M'malo moyamba ndi gulu la ovina monga mwa chizolowezi, katani ikutseguka pamangooneka mayi wachikulire ali yekha pantchito yake ya pakhomo, mawu a mnyamata akumveka chapatali. Ngakhale magule, amene anakonza Agnes de Mille, ankapititsa nkhani patsogolo. Seweroli linaonetsedwa ka 2,212, zimene zinali zisanachitikepo pa sewero la nyimbo ku Broadway. Ndiye tamvani izi: ali pachimake chomwecho, Hammerstein analipira malo mu nyuzipepala ya azisudzo ya Variety n'kundandalika masewero ake amene anagwa, kukumbutsa anthu kuti munthu yemweyo akhoza kugwanso. Chaka chomwecho anatulutsanso Carmen Jones, imene osewera ake onse anali anthu akuda.

Ndi Rodgers anapitiriza: Carousel mu 1945, South Pacific mu 1949, The King and I mu 1951. South Pacific inapata mphoto ya Pulitzer mu 1950. Muli nyimbo ina yofotokoza kuti tsankho munthu sabadwa nalo, amachita kuphunzitsidwa ali mwana. Anthu ena anawauza kuti aichotse, ndipo aphungu ena a ku Georgia anaidzudzula poyera, koma awiriwa anakana. Pa mafilimu, Hammerstein anapata mphoto ya Oscar kawiri.

Tsopano tifike pa mnyamata uja. Stephen Sondheim anabadwa mu 1930. Makolo ake atasiyana, mayi ake anasamukira kufupi ndi Doylestown, ndipo iye anapalana ubwenzi ndi James, mwana wa Hammerstein. Kwawo kunalibe mtendere, ndiye nthawi zambiri ankangokhala kwa a Hammerstein, kudya komweko, kucheza komweko. Paja akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ali ndi zaka 15, akuphunzira pa George School, Sondheim analemba sewero la nyimbo lotchedwa By George, ndipo anzake kusukulu anamuombera m'manja kwambiri. Mutu unakula. Analitengera kwa Hammerstein n'kumupempha kuti aliwerenge ngati lachokera kwa munthu amene sakumudziwa. Mumtima ankayembekeza kuti mkuluyo alitengera ku Broadway. Yankho linali lowawa: Hammerstein anamuuza kuti sanawerengepo chinthu choipa chotero. Koma sanathere pomwepo. Anamuuzanso kuti luso lilipo, ndipo ngati akufuna kudziwa chimene chalakwika, akhale pansi. Masana onsewo anadutsa naye mzere ndi mzere kuyambira tsamba loyamba: mmene munthu amalowera m'nkhani, mmene nyimbo iyenera kukhalira ndi poyambira, pakati ndi pothera ngati kasewero kakang'ono, chifukwa chimene liwu ili likulemera kuposa ilo. Sondheim atakula ankanena kuti masana amenewo anaphunzira zambiri kuposa zimene ena amaphunzira moyo wawo wonse.

Kenako anamupatsa ntchito ya zaka zingapo: alembe masewero a nyimbo anayi. Loyamba alitenge pa sewero limene amalisirira. Lachiwiri alitenge pa sewero limene amalikonda koma akuona kuti lili ndi zofooka, kuti aphunzire kukonza. Lachitatu alitenge pa buku kapena nthano imene sinalembedwe ngati sewero. Lachinayi likhale lakelake, la m'mutu mwake. Taonani mmene masitepewo akukwerera: umayamba wagwira dzanja la katswiri, pomaliza ukuyenda wekha. Pa lachitatu Sondheim anasankha nkhani za Mary Poppins, ndipo sanalimalize. Palibe ngakhale limodzi mwa anayiwo limene linafika ku Broadway, ndipo cholinga sichinali chimenecho.

Pa tchuthi cha mu 1947, ali ndi zaka 17, Hammerstein anamulowetsa ntchito yotumidwatumidwa pa zokonzekera sewero la Allegro, kutayipa mapepala ndi kugula khofi. Seweroli silinayende monga ankayembekezera, ndiye mnyamatayo anaonera pafupi mmene akatswiri amavutikira ndi chinthu chimene chikukana. Chinanso chimene mkuluyo ankamuletsa ndi kumutsanzira. Hammerstein ankakonda kulemba za mbalame, mitengo ndi minda chifukwa ndi zimene zinkamukhudza. Sondheim anali mwana wa m'tauni, ndipo anauzidwa kuti alembe zimene iyeyo akumva. Patsogolo pake, atapemphedwa kulemba mawu okha a West Side Story, ankafuna kukana poti ankafuna kupekanso nyimbo. Hammerstein anamulangiza kuti avomere, akaphunzire kwa Leonard Bernstein ndi Jerome Robbins. Seweroli linatuluka mu 1957, ndipo dzina la Sondheim linayambira pamenepo.

Lero ku America maphunziro ngati amenewa ali ndi dongosolo lake. Pa tchuthi chachitali cha pakati pa Juni ndi Ogasiti, ana a sekondale amapita ku makampu ngati Interlochen ku Michigan kapena Stagedoor Manor ku New York, kapena ku maphunziro a masabata angapo amene mayunivesite ngati Carnegie Mellon amakonza. Ambiri amakhala akukonzekera ma audition olowera ku koleji. Nthawi zambiri amayamba atumiza vidiyo, akasankhidwa n'kukaonekera pamaso pa aphunzitsi. Kumeneko amayimba tizigawo tifupitifupi ta nyimbo ziwiri zosiyana, kulankhula okha gawo la sewero, ndi kuvina pagulu masitepe amene angophunzitsidwa kumene. Zaka zonse zokonzekera zimathera m'mphindi zochepa. Makoleji ambiri amafuna kuti nyimbo imodzi ikhale yakale, ya m'nyengo ya Rodgers ndi Hammerstein, chifukwa m'nyimbo zotere mulibe pobisala: zimaonetsa ngati mwana akungotulutsa mawu okoma kapena akumvetsa chimene munthu wa m'nkhaniyo akufuna. Makampuwa amadula, madola masauzande, ndipo ana ambiri aluso sakwanitsa. Koma chimene makolo amalipirira kwenikweni ndi chomwe chija Sondheim anachipeza ulele kwa neba: munthu wodziwa amene angakuuze zoona n'kukusonyeza pokonza.

Sewero lomaliza la Hammerstein, The Sound of Music, linatsegulidwa pa 16 Novembala 1959 iye akudwala kale khansa ya m'mimba. Nyimbo yomaliza imene analemba ndi Edelweiss, imene anthu ena mpaka lero amaganiza kuti ndi nyimbo yamakolo ya ku Austria. Anamwalira pa 23 Ogasiti 1960 ku famu yake, ali ndi zaka 65, filimu yotchuka ija ya 1965 asanaione. Pa 1 Seputembala magetsi a ku Times Square anazimitsidwa kwa mphindi imodzi pomulemekeza. Sondheim anakhala mpaka 2021, ndipo naye ankawerenga ntchito za achinyamata n'kuwalangiza, kuphatikizapo Jonathan Larson amene analemba Rent ndi Lin-Manuel Miranda amene analemba Hamilton.

Ndiye anzanga, funso lili kwa ife. Mnzathu akabweretsa sewero kapena ndakatulo, ambirife timangoti zili bho poopa kumukhumudwitsa, ena timaseka n'kumusiya pomwepo. Zonse ziwirizi sizimuthandiza, ndipo ena amasiyiratu kulemba chifukwa cha zimenezi. Hammerstein ananena mawu owawa, inde, koma anapereka masana athunthu, kenako zaka zambiri. Ngati ulibe nthawi yokhala pansi ndi mnzako mzere ndi mzere, ulibenso ufulu womuuza kuti zake n'zoipa. Ndipo iwe wolemba, ukapempha chilungamo konzeka kuchimva.

Masitepe anayi aja safuna kampu kapena dola, amangofuna kope, cholembera ndi munthu wowerenga. Amene mukufuna kuyesa pa tchuthi chikubwerachi, yambani ndi loyamba: sankhani sewero limodzi limene mumalisirira, mupeze malo atatu amene munthu wa m'nkhaniyo mawu amuchepera moti akhoza kuyimba, mulembe nyimbo zake m'Chichewa. Mubwere nazo tikakumana, ndipo mubwere mutasankhiratu amene adzakuwerengereni.