ORTON CHIRWA: LOYA AMENE ANAMANGIDWA UNYOLO CIFUKWA CA MAKALATA

Akulu-akulu a kwa Mlolo ndi midzi ina ya m'boma la Chadiza amene anali kupita ku Malawi kukaona abale m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 adzakumbukira mwambo umene unalipo masiku amenewo. Munthu polemba kalata yopita kutsidya kwa malire anali kulemba za moni, za mvula ndi za maliro basi. Nkhani ina iriyonse inali kudikira tsiku lokaonana pamaso, ndipo ngakhale pamenepo inali kukambidwa monong'ona. Sabata ino tikufotokozerani moyo wa munthu mmodzi amene sanafune kutsata mwambo umenewo, Bambo Orton Edgar Ching'oli Chirwa, amene ufulu wao unathera muno m'Cigawo ca Kum'mawa.

A Chirwa anabadwa pa 30 Januwale 1919 m'boma la Nkhata Bay, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, pamene dzikolo linali kuchedwa Nyasaland. Anaphunzira pa sukulu yaikuru ya Fort Hare ku South Africa, nabwerera kwao kudzaphunzitsa aphunzitsi ku Domasi. Mu 1951 anakwatira Mai Vera Chibambo. Pambuyo pace anapita ku London kukaphunzira malamulo pa Lincoln's Inn, ndipo mu 1958 anabwera kwao ali munthu wakuda woyamba wa m'Nyasaland kukhala loya woimira anthu m'makhoti akuru.

Nthawi imeneyo dziko lao linali m'citaganya ca Federation pamodzi ndi dziko lathu ndi Southern Rhodesia, ndipo anthu akuda sanacifune citaganyaco. Boma la atsamunda linali ndi akazitape m'kati mwa cipani ca Nyasaland African Congress. Akazitapewo anabweretsa mau akuti pa msonkhano wina wa kuthengo, mu Januwale 1959, atsogoleri anapangana za kupha Azungu. Pa 3 Marici 1959 boma linalengeza lamulo la nthawi ya ngozi. Anthu oposa 1,300 anatsekeredwa ndipo 51 anaphedwa. Dr. Hastings Kamuzu Banda anatumizidwa ku ndende ya ku Gwelo, ndipo a Chirwa ndi akazi ao anagwidwanso. Koma bungwe lofufuza limene linacokera ku Britain, lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin, silinapeze umboni wa cipangano ca kupulula Azungu, ndipo linalemba kuti Nyasaland panthawiyo linali dziko lolamulidwa ndi apolisi, m'mene munthu sanali kuyankhula momasuka. Kumeneko ndiko kunali kuyamba kwa a Chirwa kuona cimene mau a kazitape angacite pa moyo wa munthu.

Atatulutsidwa, anakhazikitsa cipani catsopano ca Malawi Congress Party pa 30 Sepitembala 1959, nakhala mtsogoleri wace woyamba. Dr. Banda atatuluka m'ndende mu Epulo 1960, a Chirwa anawapatsa mpandowo popanda mkangano. Ndi anthu owerengeka okha m'mbiri ya Africa amene anacitapo cotere. Pamene Malawi analandira ufulu pa 6 Julayi 1964, iwo anali Nduna ya Zacilungamo ndi loya wamkuru wa boma.

Ulemu umenewo unakhala miyezi iwiri yokha. Nduna zinadandaula kuti Dr. Banda anali kulamulira okha, ndi kuti anali kugwirizana ndi maboma a Azungu a ku South Africa ndi a Apwitikizi ku Mozambique. Mu Sepitembala 1964 a Chirwa anacotsedwa pamodzi ndi a Kanyama Chiume ndi a Augustine Bwanausi, ndipo nduna zina zinatula pansi maudindo ao. Patapita masabata owerengeka a Chirwa anathawira ku Tanzania. Kumeneko anapitiriza nchito ya malamulo, ndipo pambuyo pace anayambitsa gulu la Malawi Freedom Movement, kapena kuti MAFREMO. Mai Vera nawo anaphunzira malamulo, nakhala mkazi woyamba wa ku Malawi kukhala loya, ndipo anadzaphunzitsako pa University of Zambia ku Lusaka.

Apa tiyenera kufotokoza m'mene zinthu zinaliri kwao kumene anacoka, pakuti acinyamata a lero sadziwa. Makalata, makamaka opita kunja kapena ocokera kunja, anali kutsegulidwa ndi kuwerengedwa. Lamya inali kumvetseredwa. Lamulo la 1968 linaika bungwe loletsa mabuku, manyuzipepa ndi nyimbo zimene boma silinazikonde. Apolisi acinsinsi a Special Branch ndi anyamata a Malawi Young Pioneers anali ndi makutu pamsika, m'basi, pamowa, m'sukulu, ngakhale m'nyumba za mapemphero. Kulandira kalata yocokera kwa munthu wothawa dziko kunali kokwanira kuti wolandirayo atsekeredwe popanda mlandu kuzengedwa. Coopsa ca ulamuliro wotere sicinali kucuruka kwa akazitape kokha ai, koma kuti munthu sanali kudziwa kuti kazitape ndani, kotero kuti anali kuopa mlamu wace ndi mnansi wace yemwe.

Positi inasanduka cida. Mu 1979 Dr. Attati Mpakati, mtsogoleri wa gulu lina la othawa, analandira ku Maputo kaphukusi kamene kanaphulika m'manja mwao nikawadula zala. Mu 1983 anapezeka ataphedwa ku Harare. Ngakhale iwo amene anali kuyendetsa ukazitapewo sanapulumuke. A Albert Muwalo, mlembi wamkuru wa cipani colamula, ndi a Focus Gwede, mkuru wa Special Branch, anazengedwa mlandu woukira boma, ndipo khoti linalandira ngati umboni makalata opanda dzina la wolemba. A Muwalo ananyongedwa mu 1977.

Tsiku la 24 Disembala 1981, anthu ali kukonzekera Khirisimasi, a Chirwa, akazi ao ndi mwana wao Fumbani anali paulendo m'dera la Chipata, pafupi ndi malire. Kumeneko anagwidwa natengedwa kupita ku Malawi. Boma la Malawi linanena kuti iwo analowa okha m'dzikomo mozemba ndi colinga cocotsa boma. A Chirwa ndi akazi ao anaumirira mpaka m'khoti kuti anabedwa ali m'Zambia. Cimene ciri coonekera kwa ife ndi cakuti ulendo umene unayenera kudziwika kwa anthu owerengeka unali utadziwika kale kwa amene anali kuwasaka.

Mlandu wao unayamba mu 1982 ku Blantyre, osati m'khoti lalikuru la malamulo, koma m'khoti la miyambo, m'mene ambiri mwa oweruza anali mafumu. Awerengi asaganize za bwalo la mfumu monga tilidziwira kumudzi, m'mene munthu amaitana mboni zace ndipo akuru amafunafuna kuyanjanitsa. Makhoti amenewa anapatsidwa mphamvu ya kuweruza milandu ya imfa, ndipo woimbidwa mlandu sanali kuloledwa loya. Cotero maloya awiriwo anadziyankhira okha. Umboni waukuru unali wa zolembedwa zimene boma linati zinali za a Chirwa, ndipo wotsimikiza kalembedwe ka dzanja anali wapolisi. Mu Meyi 1983 onse awiri anaweruzidwa kuti aphedwe. Apilo yao inakanidwa. Maiko ambiri, mpingo wa Church of Scotland ndi bungwe la Amnesty International anadandaula kwambiri, ndipo mu Juni 1984 cilangoco cinasinthidwa kukhala ca moyo wonse m'ndende. Fumbani anatulutsidwa caka comweco wosazengedwa mlandu uliwonse.

Mwamuna ndi mkazi anasungidwa m'ndende imodzi ya ku Zomba, koma sanaloledwe kuonana, kulemberana kapena kulandira alendo. Nanga dziko linadziwa bwanji za iwo? Linadziwa cifukwa ca anthu wamba amene anaika moyo wao pangozi. M'ndende za masiku amenewo munali alonda ena acifundo ndi akaidi otuluka amene anali kubisa timapepala m'zobvala ndi kutifikitsa kwa ansembe kapena kwa abwenzi, ndipo kucokera kumeneko mau anali kufika ku Lusaka ndi ku London. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje, amene anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, anafotokoza pambuyo pace kuti njira yotereyi ndiyo inamthandiza. Maina a ambiri mwa onyamula timapepalato sanalembedwe paliponse, koma akanagwidwa akanalowa m'cipinda comweco ca amene anali kuwalondera.

Oulula za kunja nawo anali kusakidwa. Mkwapatira Mhango, mtolankhani wa ku Malawi wa gulu la MAFREMO, amene anali kulemba za nkhanza za kwao ali ku Lusaka, anafa mu Okutobala 1989 pamodzi ndi ena a m'banja lace pamene nyumba yace inaponyeredwa moto usiku.

Mu Meyi 1991 akuru a ndende anadziwa za makalata a a Chirwa. Nkhalamba ya zaka 72 inamangidwa unyolo m'manja ndi m'miyendo, citsulo citapingasa kumbuyo kwa maondo, nikhala conjuta motero masiku awiri. Munthu amene anakhalapo mkuru wa malamulo a dziko lonse analangidwa cotere cifukwa ca pepala ndi colembera.

Koma mphepo inali itayamba kutembenuka. Pa 8 Marici 1992 kalata ina inawerengedwa poyera m'macalici onse a Katolika m'Malawi, yolembedwa ndi mabishopu, yonena za kumanga anthu popanda mlandu ndi za mantha amene anagwira dziko. Boma linailetsa, ndipo caka comweco anthu ambiri a m'maofesi anagwidwa powaganizira kuti anali kucurukitsa mapepala otsutsa boma pa makina a kunchito. Mu Sepitembala 1992 gulu la maloya a ku Britain linaloledwa kulowa m'ndende ya Zomba. Pamenepo a Chirwa ndi Mai Vera anaonana koyamba patapita zaka 8. Maloyawo anapeza a Chirwa ali osaona bwino ndi osamva bwino. Pa 20 Okutobala 1992 anamwalira m'ndendemo ali ndi zaka 73, ndipo akazi ao sanaloledwe kupita kumaliro.

Mai Vera anatulutsidwa pa 24 Januwale 1993. Mu Juni caka comweco anthu a ku Malawi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo malamulo akuru amene analembedwa mu 1994 ali ndi ndime 21, yoletsa kulowerera m'makalata ndi m'mauthenga a lamya a munthu. Kuno kwathu ndime 20 ya malamulo akuru a dziko imatetezanso makalata a munthu, ndipo mu 2010 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo loteteza oulula zoipa zocitika m'maofesi. Lero kalata yambiri imayenda pa foni ya m'manja, imene nambala yace inalembetsedwa ndi citupa ca mwini wace, ndipo pamene malamulo a za intaneti anali kukambidwa mu 2021 ndi mu 2025, funso lalikuru linali lomwelo la masiku a a Chirwa: ndani angamvetsere mau a munthu, ndipo ndani ampatsa cilolezo.

Mai Vera Chirwa pambuyo pace anasankhidwa kukhala m'bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu, limene likulu lace liri ku Banjul m'dziko la Gambia. Nchito imene anapatsidwa kumeneko inali ya kuyendera ndende za maiko a mu Africa ndi kuyankhula ndi akaidi.