Franciszek Gajowniczek, bambo amene wansembe anafa m'malo mwake

Pa 14 Ogasiti Mpingo umakumbukira Maximilian Kolbe Woyera, wansembe wa chipani cha Afransisko amene anapereka moyo wake m'ndende ya Auschwitz kuti mkaidi mnzake asafe. Nkhani imeneyi ambiri timaidziwa. Koma chaka chatha, nditamaliza kuifotokoza kwa ana okonzekera Sakramenti la Ulimbitso, mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa kuti nanga munthu wopulumutsidwayo zinamuthera bwanji. Tonse m'kalasimo tinali titamuiwala, ine ndemwe, ngati kuti ntchito yake inali kungolira basi kuti woyera apezeke.

Dzina lawo linali Franciszek Gajowniczek. Anabadwa pa 15 Novembala 1901 m'mudzi wa Strachomin ku Poland. Sanali munthu wodziwika kapena wachuma. Analowa usilikali ali mnyamata, ndipo ntchito imeneyi ndi imene inkadyetsa banja lawo: mayi a kunyumba, a Helena, ndi ana aamuna awiri. Pamene Germany inaukira Poland mu Seputembala 1939, iwo anali sajeni, ndipo anamenya nawo nkhondo yoteteza linga la Modlin. Poland itagonja, apolisi a Gestapo anawagwira ku Zakopane akuyesa kuwoloka malire. Mu 1940 anawatumiza ku Auschwitz, kumene dzina lawo linasanduka nambala 5659.

Chakumapeto kwa Julayi 1941 mkaidi wina anathawa. Lamulo la kumeneko linali loti wina akathawa, anzake otsala alipire ndi moyo. Wachiwiri kwa mkulu wa ndendeyo, Karl Fritzsch, anayenda pakati pa mizere ya akaidi n'kumaloza mmodzimmodzi mpaka anakwana 10, oti akatsekeredwe m'chipinda cha pansi popanda chakudya kapena madzi kufikira atafa. Chala chitaloza a Gajowniczek, msilikali wa zaka 39 uja analephera kudzigwira. Analira mokweza, kulirira mkazi wawo ndi ana awo.

Apa ndimafuna tiime pang'ono, makamaka ife abambo amene tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira. Anthu 10 anasankhidwa tsiku limenelo, ndipo onse anali ndi mantha. Koma kulira kwa bambo uyu, kotchula banja lake pamaso pa adani, ndi kumene kunafika m'makutu a Bambo Kolbe. Wansembeyo, mkaidi nambala 16670, anatuluka pa mzere, chinthu chimene pachokha chikanamuphetsa pomwepo, ndipo anapempha kuti alowe m'malo mwa bambo wa anayo. Fritzsch anavomera. A Gajowniczek analibe mpata woyankhula ngakhale mawu amodzi othokoza. Anangomuyang'ana. Patatha pafupifupi milungu iwiri, pa 14 Ogasiti, Bambo Kolbe anali akadali moyo, ndipo anawapha ndi jakisoni wa poizoni.

Mabuku ambiri amathera pamenepa. Koma a Gajowniczek anakhalabe mu Auschwitz zaka zina zitatu, akudziwa tsiku ndi tsiku kuti kabuledi kamene akudya ndi ka munthu amene anayenera kufa kale. Mu Okutobala 1944 anawasamutsira ku ndende ina, ya Sachsenhausen, ndipo anamasulidwa mu 1945, atakhala m'manja mwa a Nazi zaka zoposa zisanu.

Patapita miyezi ingapo anakumana ndi a Helena ku Rawa Mazowiecka. Ana aja sanawapeze. Onse awiri anali atafa mu Januwale 1945, pamene asilikali a Soviet Union ankaphulitsa mabomba m'tauniyo pothamangitsa a Germany. Kunali kutatsala miyezi yochepa chabe kuti nkhondo ithe.

Kunena zoona, mbali imeneyi imandivuta kuifotokoza kwa ana, ndipo sindikufuna kuipaka shuga. Wansembe anafa kuti bambo abwerere kwa ana ake, koma bamboyo anabwerera ku manda awo. Munthu wina akanatha kunena kuti nsembe ija inapita pachabe. A Gajowniczek nawo ankavomereza poyera kuti kwa nthawi yaitali mtima unkawatsutsa akaganizira za Bambo Kolbe, poona ngati iwo ndi amene anawaphetsa polola kupulumutsidwa. Aliyense amene anapulumukapo pa ngozi imene inatenga anzake, kapena amene anaika mwana m'manda iye n'kutsala, akudziwa kulemera kwa katundu wotere.

Chimene anachita ndi moyo wotsalawo chinali chosachititsa kaso. Anakhazikika m'tauni ya Brzeg pamodzi ndi a Helena, n'kumakhala ngati munthu wamba wina aliyense. Koma anadzipatsa ntchito imodzi, ndipo sanaisiye: kufotokoza zimene anaona pa mzere paja. Wina akawaitana, ankapita. Taganizirani kuti nthawi iliyonse yofotokoza nkhaniyi ankayenera kunenanso za mantha awo ndi misozi yawo, pamaso pa anthu achilendo, kuti ulemu upite kwa munthu wina. Kwa msilikali wakale, ine ndimaona kuti kumeneku kunali kulimba mtima koposa kwa ku Modlin.

Pa 17 Okutobala 1971, pamene Papa Paulo VI analengeza kuti Bambo Kolbe ndi Wodala, a Gajowniczek anali ku Roma. A Helena anamwalira mu 1977, ndipo pambuyo pake anakwatiranso mayi wina, a Janina. Pa 10 Okutobala 1982 anabwereranso pa bwalo la Petro Woyera, ali nkhalamba ya zaka 80, kudzamva Papa Yohane Paulo II, Mpolishi mnzawo, akulengeza kuti Maximilian Kolbe ndi Woyera komanso wofera chikhulupiriro. Ngakhale mu 1994, ali ndi zaka zoposa 90, anakwera ndege mpaka ku Houston ku America kukachezera parishi yotchedwa dzina la woyerayo.

Anamwalira ku Brzeg pa 13 Malichi 1995, patatha zaka 53 chichokereni pa mzere uja. Sanawaike ku Strachomin kumene anabadwira. Anawaika ku Niepokalanów, m'manda a Afransisko, pa nyumba ya chipani imene Bambo Kolbe anayambitsa mu 1927. Thupi la Bambo Kolbe linatenthedwa ku Auschwitz, choncho alibe manda kumeneko, koma a sajeni Gajowniczek ndi amene agona pakati pa abale awo.