Hamilton Naki: gadeni boyi yemwe anaphunzitsa madokotala

Tsiku lina m'mawa ndikuchokera ku Chikanda kupita kumsika, ndinaima pang'ono kuonerera bambo wina wachikulire akutchetcha udzu ndi chikwakwa m'mbali mwa msewu. Ana a ku Chanco ankangodutsa ndi mabuku awo, wopereka moni panalibe. Sindikuwanena anawo ayi, nanenso m'masiku anga ochepa aja pa Chirunga ndinkadutsa chimodzimodzi. Koma bambowo anandikumbutsa munthu wina yemwe naye anayambira kusamala kapinga pa yunivesite yomangidwa m'tsinde mwa phiri ngati yathuyi. Ndikunena malemu Hamilton Naki a ku Joni.

A Naki anabadwa m'chaka cha 1926 m'mudzi wa Ngcingane, kufupi ndi Centane ku Transkei. Sukulu anaisiyira panjira ali ndi zaka 14, nkhani yake ndi yomweyi timaidziwa tonsefe, umphawi. Basi ulendo wa ku Cape Town kukasaka ganyu, monga amachitira anyamata athu a ku Mangochi ndi ku Mzimba. Anaipeza ntchito ya ugadeni boyi pa University of Cape Town, kusamala mabwalo a tenesi omwe azungu ankasewerapo.

Mwayi wao unadzera kwa kadyamsonga, chinyama chakhosi lalitali chija. Dokotala wina, Robert Goetz, ankafufuza m'mene mtima wa nyamayi umakankhira magazi mpaka kukafika kumutu kutaliko, komanso chifukwa chake siichita chizungulire ikawerama kumwa madzi. Cha m'ma 1954 Goetz anatenga a Naki kuti azimuthandiza kusamala nyama zoyesera m'labotale. Poyamba inali ntchito yotsuka makola ndi kugwirira nyama. Koma munthu wamaso akuthwa saonerera chabe. Pang'ono ndi pang'ono anaphunzira kugoneka nyama ndi mankhwala, kung'amba, ndi kusoka mitsempha ya magazi, ntchito yomwe imafuna dzanja losanjenjemera chifukwa ulusi wake ndi wopyapyala ngati tsitsi.

Apa mpamene njira yao inakumana ndi ya Christiaan Barnard. Barnard atabwerera kuchokera ku America m'chaka cha 1958, anayamba kuchita maopaleshoni a mtima pachipatala cha Groote Schuur, ndipo zambiri ankayamba waziyesa pa agalu m'labotale momwe munali a Naki. Musaiwale, abale anga, kuti dokotala safikira pa munthu. Asanagwire mtima wa munthu amakhala atasoka mitima ya nyama yosawerengeka, ndipo wina amayenera kugoneka nyamazo, kuzitsegula, ndi kumulozera dokotala wachinyamata pomwe akulakwitsa. Kwa zaka zambiri munthu ameneyo anali a Naki. Pambuyo pake anadziwika zedi pa ntchito yoika chiwindi cha nkhumba ina mwa inzake, ndipo madokotala ambiri omwe anadzatchuka anadutsa m'manja mwao. Barnard mwini wakeyo atakalamba anavomera poyera kuti pa luso la manja a Naki ankamuposa.

Tsono pa 3 December 1967 panachitika zomwe dziko lonse linagwedezeka nazo. Barnard ndi gulu lake anachotsa mtima wa Denise Darvall, mtsikana wa zaka 25 yemwe anagundidwa ndi galimoto, nkuuika m'chifuwa cha Louis Washkansky, mwini golosale yemwe mtima wake unali utatheratu. Kanali koyamba padziko lonse. Mtimawo unagunda bwinobwino, koma mkuluyo anangokhala masiku 18. Chinamupha si mpeni ayi. Thupi la munthu limakana chiwalo chachilendo, ndiye madokotala anam'patsa mankhwala amphamvu ofooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo chitetezo chitagwa chibayo chinangolowa ngati pakhomo potsekula. Mpaka lero woikidwa mtima wa wina amamwa mankhwala oterewa moyo wake wonse, ndipo amayenera kupewa matenda opatsirana ngakhale chimfine chimene. Wodwala wachiwiri wa Barnard, Philip Blaiberg, yemwe anapatsidwa mtima mu January 1968, anakhala miyezi yoposa 19.

Nanga a Naki anali kuti usiku umenewo? Apa mpomwe pagona nkhani.

Iwo atamwalira pa 29 May 2005, nyuzi zikuluzikulu za kunja, kuphatikizapo The Economist ndi The New York Times, zinalemba kuti a Naki ndi amene anachotsa mtima m'thupi la Denise Darvall, koma boma la tsankho linabisa chifukwa munthu wakuda sankaloledwa kugwira thupi la mzungu. Nkhani yokoma zedi. Ine nditaiwerenga koyamba ndinaikhulupirira yonse, mpaka ndinaifotokozera anzanga pabawo ku Chinamwali ngati ndinalipo. Koma pasanathe miyezi ingapo nyuzi zomwezo zinabweza mau. Madokotala omwe analipo anatsimikiza kuti a Naki sanalowe m'chipinda cha opaleshoni, ndipo ntchito yao yonse inali pa nyama m'labotale. The Economist inafika polemba kuti iwo anauzapo munthu wina kuti za opaleshoniyo anazimvera pa wailesi.

Kunena zoona ndinakhumudwa, ngati andilanda kanthu m'thumba. Koma nditaganiza mofatsa ndinaona kuti bodza lija limawachepsa bambowa. Likutanthauza kuti zaka pafupifupi 40 za kusoka mitsempha ndi kuphunzitsa madokotala sizinali zokwanira, mpaka tiwaonjezere usiku umodzi womwe sanagwire. Chikhalirecho choona chake nchowawa kuposa bodzalo: munthu wa manja otere sanapatsidwe mpata wochita opaleshoni pa wodwala ndi mmodzi yemwe, poti analibe satifiketi, ndipo m'dziko limenelo khungu lake linali litamutsekera kale njira yopezera satifiketiyo. Ankachokera m'kachipinda kakang'ono ku Langa, kopanda magetsi, nkukaphunzitsa anthu omwe mawa lake ankayendera magalimoto apamwamba.

Enanu muti, ndiye kuti sukulu ilibe ntchito? Ayi, musandimve molakwa. Ine amene ndinaisiyira panjira ndikudziwa kuwawa kwake. Opaleshoni ya mtima si kusoka kokha, pamafunika kudziwa mankhwala, magazi, ndi zoyenera kuchita zinthu zikavuta, ndipo zimenezi zimafuna mabuku. Chomwe chimandipweteka nchoti a Naki mabukuwo akanawatha, ndipo palibe anayesa kuwapatsa.

Anapuma ntchito m'chaka cha 1991 ndi kapenshoni kochepa. Ulemu unabwera dzuwa litapendeka: m'chaka cha 2002 Pulezidenti Thabo Mbeki anawapatsa mendulo ya Order of Mapungubwe, ndipo mu 2003 yunivesite yomwe ija ankaitchetchera kapinga inawaveka digiri yaulemu ya zachipatala, yomwe anailandira kuchokera m'manja mwa mayi Graça Machel. Zaka zao zomaliza anathera kugogoda pa zitseko za madokotala omwe anawaphunzitsa aja, kupempha thandizo la sukulu ndi kiliniki yoyendayenda ya anthu akwao ku Centane. Anamwalirira ku Langa konko ali ndi zaka 78.